Telala ndi singano angathe kubwezera mai pakati pa anzace atacotsedwa mawere

Wolemba Mtolankhani Wathu

PETAUKE — Mai akacotsedwa mawere onse awiri cifukwa ca matenda a khansa, acibale amayamba afunsa ngati adzacira. Bala likapola, mai mwini amakhala ndi funso lina limene kawirikawiri amacita nalo manyazi: kodi ndibvala ciani kuti ndituluke pakhomo?

Funso limeneli si lacibwana ai. M'midzi ya Petauke ndi Nyimba moyo wa mai uli pakati pa anthu: kumaliro, kucigayo, kumsika, kuchalichi ndi kucinamwali. Mai amene aopa maso a anthu amadzitsekera m'nyumba, ndipo anzace akaona zotere nawonso amaopa cipatala. Akamva cotupa m'bere amabisa, kufikira nthenda itakula.

Bungwe la World Health Organization linawerenga kuti m'caka ca 2022 akazi 2.3 miliyoni pa dziko lonse anapezeka ndi khansa ya m'mawere. Kuno ku Zambia nthendayi ndi yaciwiri pakati pa akazi, kutsatira khansa ya khomo la cibaliro. Kufufuza kumene kunalengezedwa mu 2020 kunaonetsa kuti mwa akazi a m'Zambia amene anapezeka nayo, osakwana theka ndiwo anali moyo patapita zaka zitatu, ndipo cimodzi mwa zifukwa zazikulu cinali kufika mocedwa kucipatala.

Mai wa kuno amayamba ulendo wace pa cipatala ca Nyimba, ca Petauke, ca Minga kapena ca Kalindawalo. Ena amatumizidwa ku St Francis ku Katete, ndipo ambiri amaoloka mlatho wa Luangwa kupita ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, cimene cinatsegulidwa mu 2007. Kucokera ku Petauke ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 400. Madokotala amacotsa mawere onse awiri ngati nthenda iri mbali zonse, kapena ngati m'banja muli mbeu ya nthendayo. Cifukwa caciwirici ndico cinacititsa Angelina Jolie, wa mafilimu wa ku America, kucotsetsa ace mu 2013.

Masabata oyamba

Nkhani ya zobvala imayamba mai asanakwere basi. Munthu wongocitidwa opaleshoni amabvutika kukweza manja, ndipo amene wacitidwa mbali zonse alibe dzanja lopulumuka loti lithandize linzace. Diresi lobvalira kumutu ndi bulauzi la zipi wakumbuyo ziyambe zasungidwa m'sutukesi. Cofunika ndi bulauzi lotakasuka la mabatani akutsogolo, ngakhale shati ya bambo wa pakhomo. Masiku oyamba pabala pamakhala timapaipi totulutsa madzi, conco telala asokere thumba mkati mwa bulauzi, loikamo kabotolo kace.

Nsalu ikhale ya thonje, yofewa ndi yocapidwa kale. Nailoni imasunga thukuta, ndipo ndi kutentha kwa mu Okutobala kumene a ku Nyimba akudziwa bwino, khungu limayabwa ndi kunyuka. Citenje catsopano cimauma ndi mankhwala a ku fakitale, cotero cicapidwe kangapo cisanakhudze cipsera. Amene akulandira radiotherapy, kumene ndi kuocha nthenda ndi ceza ca makina, asamale koposa: pamalo poochedwapo pasakhale msoko wokanda, ndiponso paphimbidwe ku dzuwa.

Kusamala dzanja

Pa opaleshoni madokotala amacotsanso tinthu ta m'khwapa, tija timatupa munthu akacita mwanabere. Tinthuti timathandiza kuyendetsa madzi a m'thupi, ndipo tikacotsedwa dzanja lingathe kutupa, ngakhale patapita zaka. Cifukwa cace manja a bulauzi othina, a lasitiki, pamodzi ndi makoza, mphete ndi wochi yothina, ziri zosayenera. Posankha pa mulu wa salaula, mai ayambe waona pakhwapa ngati mpotakasuka, mtundu ndi maluwa zibwere pambuyo.

Pali zina zimene mabuku a kunja sachula. Mai wa kumudzi popita kosamba amamanga citenje pacifuwa, koma tsopano citenjeco ciribe pogwira ndipo cimaterereka. Mankhwala ace ndi kusokerako timalamba tiwiri ta pamapewa, kapena kuyamba wabvala vesiti. Mbereko nayo mfundo yace imagwera pacipsera penipeni. Agogo amene afuna kubereka mdzukulu adikire kufikira dokotala atalola, ndipo ayale kansalu kofewa pansi pa mfundo. Za tsitsi lothothoka ndi mankhwala a chemotherapy, amai a kuno ali ndi mwai: duku ndi cobvala ca masiku onse, palibe amene angadabwe.

Njira ziwiri

Bala likapola, patapita masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, mai ali ndi njira ziwiri, ndipo zonse nzolemekezeka.

Yoyamba ndi kukhala ndi cifuwa cosalala. Amene anacotsedwa bere limodzi amapendekeka, koma amene anacotsedwa onse awiri mbali zace nzolingana, conco palibe cimene cimkakamiza kuikapo kanthu. Diresi la m'sitolo limamfwamphuka kutsogolo cifukwa linasokedwa ndi mipindo yosiyira malo a mawere. Telala wa pamsika wa Petauke angathe kumasula mipindoyo, kukweza khosi pang'ono kuti cipsera cisaoneke powerama, ndi kukwinya nsalu pacifuwa. Citenje ca maluwa akuluakulu, kolala yotambalala, kapena mpango wogwera paphewa, zimacita nchito yomweyo.

Yaciwiri ndi kubvala mawere ocita kupanga. A silikoni, amene amacokera kunja, amalemera ngati bere leni-leni, koma mtengo wace ngwokwera, sapezeka m'masitolo a pa boma, ndipo amatentha. Ansalu kapena oluka ndi ulusi wa thonje ngopepuka, amacapika, ndipo mai wodziwa singano angathe kudzisokera. Amasoka timatumba tiwiri mkati mwa kamisolo, imene ena amacha bra, ndi kuikamo timapilo tozungulira. Poti ngopepuka amakwera m'mwamba mai akakweza manja, cotero kamisolo imangiriridwe ndi kalamba ku siketi kapena ku pitikoti. Kamisolo ya waya isabvalidwe. Ndipo ngakhale thonje liri m'minda yathu, la m'munda linapoperedwa mankhwala ophera mbozi: m'timapilo muikidwe thonje loyera la ku sitolo ya mankhwala, kapena tinsalu tocapa bwino.

Nchito ya tonse

Bambo wa pakhomo ndiye ali ndi mau oyamba. Mai amene mwamuna wace amtenga kupita naye kwa telala, nalipira diresi latsopano, amayenda mowongoka. Akulu anati mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo. Telala naye asunge cinsinsi ca amene wamuyeza, monga acitira namwino, ndipo ngati mai afuna kuyezedwa ndi mkazi mnzace, apatsidwe ufulu umenewo.

Amai a Cigwirizano mu Reformed Church in Zambia, a mabungwe a Cikatolika ndi a makalabu a m'midzi ali ndi makina osokera ndi manja odziwa kuluka. Bulauzi loyera la yunifomu lingathe kukonzedwa tsiku limodzi kuti mnzao abwerere pa benchi yace. Mwezi wa Okutobala, umene dziko lonse limakumbukira khansa ya m'mawere, ndi nthawi yabwino yophunzitsana kasokedwe kameneka.

Mai mmodzi akaoneka pamsika atachena, wamoyo ndi wamphamvu, amai khumi amene abisa cotupa amaona ndi maso ao kuti opaleshoni si imfa. Inu amai amene mwamva kanthu kolimba m'bere kapena m'khwapa, pitani kucipatala sabata lomwe lino. Za cobvala, telala alipo.