Kaundula wa m'zipatala: makompyuta a malo osiyana angagwirizane bwanji?

Anthu a m'madera mwathu sakhalitsa malo amodzi. Banja limene chaka chino likuchita lendi ku Kawale, chaka chamawa likhoza kupezeka ku Chinsapo kapena ku Area 25, ndipo likasamuka limasinthanso chipatala. Apa ndi pamene akatswiri a makompyuta amayenera kusankha njira yoti zimene zalembedwa pa chipatala chimodzi zidziwikenso pa chinzake.

Njira yoyamba ndiyo kusunga kaundula yense pa kompyuta imodzi yaikulu, yotchedwa seva, kuti zipatala zonse zizilemba ndi kuwerenga pamenepo kudzera pa intaneti. Ubwino wake ngwakuti mbiri ya wodwala imakhala imodzi, yosatsutsana. Koma netiweki ikaduka kapena magetsi akazima, ntchito imaima odwala ali pamzere. Ambiri tikukumbukira kuzimazima kwa magetsi kumene kunatsatira namondwe wa Ana mu Januwale 2022, ataononga malo opangira magetsi a Kapichira.

Njira yachiwiri ndiyo yakuti chipatala chilichonse chikhale ndi seva yakeyake, chizigwira ntchito ngakhale popanda intaneti, kenaka chizitumiza zatsopano ku seva yaikulu netiweki ikabwerera. Njirayi imapirira mavuto athu a magetsi, koma ili ndi msampha wake. Munthu mmodzi akhoza kulembedwa kawiri. Mayi wolandira mankhwala otalikitsa moyo akachoka ku Kawale osatenga kalata yosamukira, kumeneko amaoneka ngati wasiya mankhwala, pamene kumene wapitako amalembedwa ngati wodwala watsopano. Chiwerengero chikasokonekera chotero, kuyitanitsa mankhwala nakonso kumasokonekera.

Chotchinjiriza msamphawu ndi nambala imodzi ya munthu aliyense. Seva yaikulu ikhoza kugawiratu manambala kwa chipatala chilichonse, kuti zipatala ziwiri zisapereke nambala yofanana kwa anthu awiri. Maganizo otere si achilendo m'dziko muno. Mu 2001, a Baobab Health anayamba kulemba odwala pa makompyuta ku Kamuzu Central Hospital ndi kumata kapepala ka nambala m'buku la kuchipatala. Mu 2017, bungwe la National Registration Bureau linalembetsa anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire chiphaso cha unzika chokhala ndi nambala yawoyawo.

Posankha njira, akatswiri amaona kudalirika kwa magetsi ndi intaneti pamalopo, mtengo wa zipangizo, ndiponso lamulo la chimene chiyenera kutsatidwa makompyuta awiri akatsutsana.

Inunso okhala m'mawodi muli ndi mbali yanu. Nyamulani buku lanu la kuchipatala nthawi zonse, ndipo musabwereke la mnzanu. Lembetsani dzina monga lilili pa chiphaso cha unzika. Mukafuna kusamuka, dziwitsani achipatala kuti akupatseni kalata yosamukira musanachoke.