Matenanti a Fodya ndi Malonjezo a Makampani

Ndudu imene munthu amayatsa ku London kapena ku Brussels imapsa n'kutha m'mphindi zochepa, koma tsamba lili m'katimo limadya miyezi pafupifupi 10 ya banja lathunthu ku Kasungu, Mchinji, Dowa kapena Rumphi. Pa belo pamalembedwa nambala ya mwini munda. Pa paketi pamalembedwa dzina la kampani. Tenanti, amene analigwira tsambalo ndi manja ake kuchokera ku nazale mpaka ku jeke, sapezeka pa pepala lililonse.

Matenanti ambiri amachokera kummwera, m'maboma monga Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi Machinga, kumene malo olima anachepa kalekale. Amakwezedwa lole cha mu Ogasiti kapena Seputembala, bambo, mayi ndi ana, akatundu awo ali m'matumba. Pangano limakhala la pakamwa. Mwini munda amapereka malo, mbewu, feteleza, mankhwala ndi phoso. Tenanti amalima, ndipo nyengo ikatha amapereka fodya yense kwa mwini munda yemweyo pa mtengo umene mwiniyo wanena. Zimene tenanti walandira chaka chonsecho si mphatso ayi. Ndalama ya lole, ndowa ya chimanga, mchere, sopo, ngakhale ndalama yopitira kuchipatala mwana akadwala malungo, zonse zimalowa m'kope la ngongole, ndipo kopelo limasungidwa ndi wokongozayo.

Ntchito ya fodya wa bale ilibe mwezi wopuma. Imayamba dzuwa likuswa mtengo, kuthirira nazale m'dimba m'mawa ndi madzulo, keni iliyonse kuchita kutunga pachitsime. Kenako kukonza mizere, kudula mitengo ndi kumweta udzu womangira zigafa. Mvula yoyamba ikangogwa, aliyense amene ali ndi manja amathamangira kukawokera mbande nthaka isanaume. Kumabwera kuthira feteleza phando ndi phando, kupalira, kubandira, kudula nsonga, kuchotsa mphukira zimene zimaphukanso ukangotembenuka. Kuyambira Januwale mpaka Malichi ndiye pachimake: kuthyola masamba kuyambira apansi, kuwasenza, kukhala pansi kuwasoka mpaka usiku, kuwapachika m'chigafa. Imeneyinso ndiyo miyezi ya njala, pamene phoso limatha mwezi usanathe ndipo mayi amayamba kuyendayenda kufuna ganyu ya ufa. Fodya akauma pamatsala kusankha, ntchito yofuna diso lakuthwa, chifukwa tsamba limodzi losagwirizana ndi anzake m'mtundu kapena m'utali likhoza kugwetsa mtengo wa belo lonse. Tenanti wodziwa ntchito amalizindikira giredi pongolikhudza tsamba. Umenewu ndi luso, ndipo dziko lathu ladyera luso limeneli kwa zaka zambiri, popeza fodya wakhala akubweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja.

Munthu mmodzi sangathe zonsezi. N'chifukwa chake mwini munda safuna mbeta kapena mnyamata wosakwatira, amafuna banja. Amalemba mutu umodzi, koma amapeza manja asanu ndi limodzi kapena kuposa. Apa ndi pamene ana amalowera. Palibe kholo limene limakondwa kuona mwana wake akujomba kusukulu, koma tsamba likapsa silidikira Loweruka, ndipo ndalama yolembera waganyu palibe. Mu 2009 bungwe la Plan International linanena kuti ana oposa 78,000 ankagwira ntchito m'minda ya fodya m'Malawi, ndiponso kuti mwana wothyola fodya wonyowa akhoza kulowetsa m'thupi, kudzera pakhungu, chikonga chofanana ndi cha ndudu 50 pa tsiku. Mutu, chizungulire ndi nseru zimene ana amadandaula madzulo, kumudzi timangoti ndi kutopa.

Tisathamangire kumuyesa mwini munda aliyense chilombo. Alipo ankhanza, amene amathamangitsa tenanti fodya atalowa m'chigafa kuti asamulipire. Koma ambiri masiku ano si eni maesiteti akuluakulu. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale, munthu wa maekala ochepa nayenso anayamba kusunga matenanti awiri kapena atatu. Ndipo kuchokera mu 2012, fodya wambiri amalimidwa pa kontirakiti: kampani yogula masamba imakongoza mlimi feteleza ndi mbewu, n'kudzadula ndalama zake iye akagulitsa ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma kapena Mzuzu. Akachotsa ngongoleyo, ndalama ya thiransipoti ndi misonkho ina, zotsala ndi zimene amawerengerana ndi tenanti. Aliyense amafinya amene ali pansi pake, ndipo pansi pa tenanti pali mkazi wake ndi ana ake basi.

Pamwamba pali makampani ochepa ogula masamba, monga Limbe Leaf, Alliance One, JTI ndi Premium Tobacco, ndipo pamwamba pawo pali opanga ndudu a kunja. Onsewa ali ndi malamulo olembedwa bwino oletsa kugwiritsa ana ntchito ndi kukakamiza munthu ntchito. Ali ndi alangizi oyenda pa njinga zamoto amene amayendera alimi a kontirakiti n'kulemba zimene aona. Amanga midadada ya sukulu, akumba mijigo, agawa mbande za mitengo, ena kudzera m'bungwe la ECLT la ku Geneva limene makampani a fodya amalipatsa ndalama. Mjigo ndi chinthu chabwino, ndipo mayi amene akutungapo madzi sanganene kuti ndi wachabe. Koma mjigo sulipira waganyu woti alowe m'malo mwa mwana m'munda. Lamulo likati mwana asasoke fodya, pamene mtengo wa kilogalamu sunawerengere malipiro a munthu wamkulu woti asoke, katundu yense wa chilungamo cha kampani wasenzetsedwa munthu wosaukitsitsa pamzerepo. Mlangizi akamveka kuti akubwera, ana amangouzidwa kuti azemberetu.

Chimene chagwedeza zinthu kwenikweni ndi mantha otaya msika. Pa 1 Novembala 2019 akuluakulu oona za katundu wolowa m'dziko la America analamula kuti fodya wa ku Malawi azigwidwa pa doko, ati chifukwa panali umboni woti amalimidwa ndi ana komanso anthu okakamizidwa. Makampani anathamanga kukaonetsa ndondomeko zawo. Alliance One ndi Limbe Leaf anamasulidwa mu 2020, Premium Tobacco mu 2021. Mu Disembala 2020 maloya a Leigh Day anakasuma kukhoti lalikulu ku London m'malo mwa matenanti ndi ana awo oposa 7,000, kusumira British American Tobacco ndi Imperial Brands kuti anapindula ndi thukuta lawo. Makampaniwo amakana mlanduwo, ndipo anapempha kuti uthetsedwe ponena kuti odandaulawo alibe umboni woti masamba awo anakathera m'ndudu za makampaniwo. Mu Juni 2021 woweruza anakana pempholo. Mfundo ya makampaniyo ndiyo imene imandipweteka mtima. Tenanti amene sanaonepo ngakhale risiti ya belo lake angadziwe bwanji sitima imene inanyamula fodya wake? Amene ali ndi mapepala onse ndi ogula.

Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito n'kuthetsa utenanti. Zinatenga zaka zambiri mabungwe a antchito, monga TOAWUM, ndi a mipingo akulirira chimenechi. Tsopano wolima fodya wa mwini ayenera kukhala wantchito wolandira malipiro. Koma lamulo kuti lifike ku munda wa kutali ku Kasungu pamafunika woyendera antchito amene ali ndi mafuta m'galimoto, ndipo mlimi amene amaona ndalama kamodzi pa chaka ayenera kupeza poti atenge malipiro a mwezi ndi mwezi. Popanda zimenezi tenanti angosintha dzina, kope la ngongole likhala lomwelo.

Pempho langa likupita kwa a Tobacco Commission, a unduna wa zantchito ndi makampani ogula. Mukamakhala pansi kukambirana mitengo msika usanatsegulidwe, werengeraninso malipiro athunthu a munthu wamkulu pa tsiku lililonse limene fodya amafuna, kuyambira ku nazale. Wantchito aliyense wa m'munda akhale ndi pangano lolembedwa m'chinenero chimene amamva, dzina lake lilembedwe pa kontirakiti ya mlimi, ndipo gawo la ndalama zake lizipita kwa iye mwini nyengo ili m'kati, asanafike Febuluwale.