Udotolo wa Manja ndi Maso

Achinyamata ambiri amene amamaliza Fomu 4 kuno kwa Jenala, ukawafunsa za ntchito imene akuilakalaka, amayankha kuti udotolo. Ukafunsanso kuti udotolo wake uti, amangokuyang'ana, pakuti kwa iwo dotolo ndi mmodzi basi: wa mkanjo woyera ndi zilembo zambiri pambuyo pa dzina lake. M'gawo lino tikamba za mtundu wina wa madotolo umene sukulu yake kulibe m'Malawi muno, koma umene ntchito yake yakhudza ana a dziko lino kuyambira m'chaka cha 1986.

Ku America kuli njira ziwiri zofikira pa udotolo. Ena amalandira digiri ya M.D., ena ya D.O., ndipo a D.O. amenewa ndiwo madotolo a osteopathy. Anayambitsa njirayi ndi Andrew Taylor Still, amene anataya ana atatu ndi nthenda youmitsa khosi m'chaka cha 1864, mankhwala a masiku amenewo atalephera. M'chaka cha 1892 anatsegula sukulu ku Kirksville m'chigawo cha Missouri, naphunzitsa kuti matenda ambiri amayamba pamene mafupa ndi minofu sizili m'malo mwake, kotero kuti dotolo ayenera kuwongola thupi ndi manja. Apa mkuluyu anapyola muyezo. Malungo sabwera chifukwa msana wapindika. Amabwera ndi tizilombo timene udzudzu umasiya m'magazi. Om'tsatira anazindikira zimenezi, ndipo lero wa D.O. amaphunzira zonse zimene wa M.D. amaphunzira, amalemba mankhwala, amachitanso opaleshoni. Chimene anasunga kwa Still ndi mwambo woyamba wagwira ndi kupenyetsetsa wodwala yense, usanathamangire ku makina.

Aphunzitsi anzanga, tisasokoneze ana pamenepa. Amene amaika chikhakha pa mwendo wothyoka m'zipatala zathu si a osteopathy ayi. Ambiri mwa iwo ndi ma clinical officer a za mafupa, amene maphunziro awo anayamba ku Blantyre m'chaka cha 1985.

Tsono wa D.O. amene dziko lino likum'dziwa ndi mayi Terrie Taylor a ku Michigan State University. Iwo anafika pa chipatala cha Queen Elizabeth m'chaka cha 1986, ndipo pamodzi ndi dotolo wa ku Mangalande, Malcolm Molyneux, anayamba kufufuza malungo a muubongo, aja amene amakomola mwana. Vuto limene anakumana nalo linali loti muyezo wa kukomoka umene unalipo unkafuna kuti wodwala ayankhe mafunso. Nanga khanda losayankhula ulifunsa chiyani? Chotero m'chaka cha 1989 anafalitsa muyezo wawo, umene dziko lonse lapansi limautcha Blantyre Coma Score. Wopima amaona zinthu zitatu: ngati maso a mwana akutsata nkhope ya mayi wake, kaliridwe kake, ndi mmene akuchitira ukam'tsina kapena kum'dinikiza. Mwana wabwinobwino amapeza 5. Akapeza 2 kapena kutsika apo, ndiye kuti wakomoka kwenikweni ndipo moyo wake uli pachiswe. Sipafunika magetsi, sipafunika ndalama, koma munthu wophunzitsidwa bwino.

Makina nawo ali ndi malo ake. MRI itafika ku Queen Elizabeth m'chaka cha 2008, ofufuza omwewa anajambula ubongo wa ana 168. Zotsatira zimene anatulutsa m'chaka cha 2015 zinaonetsa kuti mwa ana 25 amene anamwalira, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri, umene umapanikiza mbali yoyendetsa mpweya mpaka mwana aleke kupuma. Komatu mwana wa m'chigwa chathu chino, chotsikira ku nyanja ya Chilwa kumene udzudzu umaswana nthawi ya dzinja, sayambira pa MRI. Amayambira kumbuyo kwa mayi wake, kapena pa njinga ya kabaza, nakafika pa chipatala chaching'ono. Amene am'landira kumeneko, amene tonse timam'tchula kuti adokotala, kawirikawiri ndi medical assistant wa zaka ziwiri za maphunziro, kapena namwino. Ngati iyeyo adziwa kuwerenga maso ndi kulira kwa mwana, am'baya jekeseni yoyamba ndi kum'tumiza msanga ku chipatala chachikulu. Ngati sadziwa, makina onse a ku Blantyre alibe ntchito.

Apa ndi pamene ndondomeko ya boma ya zaumoyo iyenera kuyesedwa. Dziko lino linayamba kuphunzitsa ma clinical officer m'zaka za m'ma 1970, nthawi imene aliyense wofuna udotolo ankapita kunja. College of Medicine inatsegulidwa m'chaka cha 1991, ndipo m'chaka cha 2021 inaphatikizidwa ndi Kamuzu College of Nursing kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Boma la Phalombe, limene linachoka ku Mulanje m'chaka cha 1998, linadalira kwa nthawi yaitali chipatala cha mishoni cha Holy Family, mpaka chipatala cha boma cha John Chilembwe chinatsegulidwa ku Migowi m'chaka cha 2022. Zonsezi ndi zoyamika. Koma khoma silipima mwana. Zimadabwitsa kuona anyamata ndi atsikana amene anamaliza maphunziro a zachipatala atakhala kwawo kudikira kulembedwa ntchito, pamene pa chipatala chaching'ono munthu mmodzi akupima mzere wa odwala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Wotopa chotero sangagwire wodwala aliyense. Amangofunsa, nalemba m'buku, naitana wina.

Ine ndikuona kuti chipatala cha ku Migowi chiyenera kukhalanso malo ophunzirira, monga mmene ophunzira udotolo amapitira ku Mangochi kukaphunzira ntchito ya pakati pa anthu. Wophunzira amene waona ana a malungo pa wodi ya kuno, namva mmene amayi Achilomwe amafotokozera kukomoka kwa mwana, savutika kubwerera kuno akamaliza.

Inu amene mwalemba mayeso a M.S.C.E., malo a digiri ya udotolo ndi ochepa, ndipo ambiri mudzatsala ngakhale mutakhoza bwino Biology ndi Masamu. Musanyoze Malawi College of Health Sciences, Malamulo ku Thyolo, kapena sukulu ya anamwino ya Holy Family imene ili pakhomo pathu pompano. Sabata ya mawa tidzafotokoza zimene sukulu zimenezi zimafuna kwa wopempha malo.