Liwu lalitali lachingerezi lisakuopseni, liduleni

Tsiku lina chaka chatha amalume anandiimbira foni kuli mbuu. Mayi anga, omwe amadwala shuga, anali atagona kuchipatala usiku umodzi n'kutulutsidwa, ndipo m'buku lawo la kuchipatala munalembedwa liwu loti hypoglycaemia.

"Mphwanga, poti iwe unapita kusukulu, tandiuza. Sikuti shuga wakwera apa? Tiwawonjezere mankhwala?"

"Ayi amalume, musayerekeze n'komwe," ndinayankha mtima uli m'mwamba. Shuga wa mayi anali atatsika kwambiri, ndipo kuwawonjezera mankhwala otsitsa shuga kukanawabwezera kuchipatala konkuja, mwinanso kuposa pamenepo.

Chomwe chinasiyanitsa zinthu tsikulo ndi kachidutswa ka kumayambiriro kwa liwu, komwe pa Chingerezi amati prefix. Hypo ndi Chigiriki, kutanthauza pansi. Mnzake hyper amatanthauza pamwamba kapena mopitirira. Glyc akunena zotsekemera, aemia akunena magazi. Mukalumikiza, hypoglycaemia ndi kuchepa kwa shuga m'magazi, pomwe hyperglycaemia ndi kuchuluka kwake. N'chimodzimodzi ndi hypertension, ija timangoti BP yokwera, ndi hypotension, yomwe ndi BP yotsika.

Ife olankhula Chichewa sitiyenera kudabwa ndi zimenezi, chifukwa mawu athu timamanga chonchonso. Taonani liwu loti sindidzakuiwalani. Si akukana, ndi ndine, dza akuloza m'tsogolo, ku ndi ni ndinu, ndipo tsinde lake ndi iwala. Mngelezi angafunike mawu asanu kuti anene zomwezo, koma mwana wa zaka zinayi kwathu kuno amalimva osaphethira. Tikamati tseka ndi tsekula, kapena mata ndi matula, timachita zomwe Chingerezi chimachita ndi lock ndi unlock. Kungoti ife timasintha kumapeto, iwo kumayambiriro.

Tizidutswa tokana ndi tomwe timapezeka kwambiri: un, dis, non ndi in. Kachidutswa ka in kamasintha potengera lemba lotsatira, n'chifukwa chake pali impossible, illegal ndi irregular. Kholo likamalipira ndalama yofunsira malo pasukulu n'kuona non-refundable pafomu, lidziwe kuti ndalamayo siibwerera ngakhale mwana asatengedwe. Mis amanena cholakwika, monga misuse, kugwiritsa ntchito molakwika.

Pali tina tonena nthawi ndi malo. Pre ndi chisanachitike, post ndi chitachitika. Magetsi a prepaid mumagula mayunitsi musanayatse, pomwe postpaid bilu imabwera pambuyo. Inter ndi pakati pa zinthu, monga international, za pakati pa mayiko. Intra ndi m'kati, choncho mankhwala a intravenous ndi olowa m'kati mwa mtsempha, ngati diripi.

Awiri omwe amasokoneza anthu ambiri ndi ante ndi anti. Ante ndi Chilatini, kutanthauza isanafike nthawi, ndiye antenatal ndi sikelo ya amayi oyembekezera. Anti ndi kulimbana ndi chinthu: antimalarial amalimbana ndi malungo, antiretroviral ndi ma ARV aja.

Koma musati mwapeza kiyi wotsekula khomo lililonse. Liwu loti inflammable, lomwe limalembedwa pa zigubu ndi matanki a mafuta, ambiri amaliyesa lotsutsana ndi flammable. Onse awiri akutanthauza chinthu chosachedwa kugwira moto, chifukwa in ameneyu si wokana uja, anachokera ku liwu lachilatini lonena kuyatsa. Chosagwira moto msanga amati non-flammable. Nayenso invaluable sakunyoza. Abwana akakuuzani kuti ndinu invaluable, akuti ndinu wofunika kwambiri moti mtengo wanu sungawerengeke.

Nanga mawu aja ana amakonda kuopsezana nawo kusukulu? Antidisestablishmentarianism lili ndi malemba 28. Establish ndi kukhazikitsa, dis akuchotsa chokhazikitsidwacho, anti akutsutsa kuchotsako, ndipo ism akusonyeza kuti ndi maganizo a gulu la anthu. Linkanena za anthu a ku Britain m'zaka za m'ma 1800 omwe ankakana zoti Church of England usiye kukhala mpingo wa boma. Lina la malemba 45, pneumonoultramicroscopicsilicovolcanoconiosis, linapekedwa mu 1935 ku America ndi okonda masewera a mawu. Mukalidula mupeza mapapo, tinthu tating'onoting'ono kwambiri, mchenga, phiri lophulika ndi fumbi. Likunena matenda a m'mapapo obwera chifukwa chopuma fumbi losalala kwambiri la miyala.

Chichitikireni za mayi zija, ndinalemba pakapepala mawu awiri, hypo ndi hyper, ndi mivi yoloza pansi ndi m'mwamba, n'kukamata pakhomo la kabati. Amalume tsopano akudziwa kuti mayi akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kumva chizungulire, n'kutheka kuti shuga watsika ndipo afunika chakumwa chotsekemera msanga, kenako kuchipatala ngati sizikusintha.

Inunso yesani ndi ana madzulo ano. Tengani paketi ya mankhwala, lisiti kapena nyuzipepala, sankhani liwu limodzi lalitali, phimbani kumayambiriro kwake ndi chala, muone chomwe chatsala. Mwana akazolowera, sadzanjenjemeranso ndi mawu achilendo pa mayeso a MSCE. Koma liwu likakhala m'buku la kuchipatala, kulidula kungokuthandizani kudziwa chofunsa. Musanachoke pamaso pa anamwino kapena adokotala, apempheni akufotokozereni m'Chichewa.