Pulogalamu ikakana, thandizo lichokere kuti?

Wophunzira walemba pulogalamu yake yoyamba m'chiyankhulo cha kompyuta cha Python. Ndi kapulogalamu ka mizere inayi: kafunse mtengo wa katundu woyamba, kafunse wa wachiwiri, kaphatikize, kenako kaonetse ndalama zonse. Walowetsa 500, walowetsanso 300. Kompyuta yayankha kuti 500300.

Chenjezo palibe, uthenga wodandaula palibe. Pulogalamu yayenda mpaka kumapeto, koma yankho ndi lamisala. Chachitika n'chakuti lamulo lotchedwa input limatenga chilichonse chomwe munthu wataipa ngati mawu, osati ngati nambala. Tsono chizindikiro cha + chikakumana ndi mawu awiri chimangowalumikiza. Mankhwala ake ndi zilembo zitatu, int, zomwe zimasandutsa mawuwo kukhala nambala. Wodziwa angakonze zimenezi asanamalize n'kupuma komwe, koma woyamba kumene, ngati alibe womufunsa, angathe kuchezera nazo usiku wonse.

Mavuto a ophunzira ambiri ndi otere. Si masamu ozama ayi, ndi tinthu ting'onoting'ono ta tsiku ndi tsiku tomwe buku silinatchule. Ndipo si achilendo. Maurice Wilkes, yemwe anatsogolera ntchito yomanga kompyuta ya EDSAC ku yunivesite ya Cambridge, anafotokoza m'buku la mbiri ya moyo wake kuti m'chaka cha 1949 anazindikira zoti gawo lalikulu la moyo wake lidzathera pofufuza zolakwika m'mapulogalamu olemba yekha. Ngati womanga kompyuta ankavutika chonchi, mwana wa fomu 3 asadzione wopepera.

Wothandiza woyamba ndi yemwe ophunzira amamuthawa kwambiri: uthenga womwe Python imalemba pulogalamu ikagwa. Umabwera m'Chingerezi, mizere yambirimbiri, nthawi zina yofiira, ndipo maso a munthu amangolumpha osawerenga. Chonsecho uthengawu uli ndi dongosolo lake. Umawerengedwa kuyambira pansi. Mzere wotsiriza umatchula mtundu wa vuto, ndipo pamwamba pake pamakhala dzina la fayilo ndi nambala ya mzere womwe zinthu zasokonekera. NameError ikutanthauza kuti watchula dzina lomwe Python sikulidziwa, kawirikawiri chifukwa walemba Mtengo pomwe poyamba unalemba mtengo. IndexError ikuti wapempha chinthu chomwe pamndandanda palibe. Apa ambiri amagwa chifukwa Python imayamba kuwerenga pa 0, choncho pamndandanda wa zinthu zitatu chomaliza chili pa 2, osati pa 3.

Vuto lomwe limakwiyitsa kuposa onse ndi la mipata. Guido van Rossum, yemwe anayamba kulemba Python mu Disembala 1989 ali pa bungwe la kafukufuku la CWI ku Amsterdam n'kuitulutsa mu 1991, anatengera khalidwe lina ku chiyankhulo cha ABC chomwe anagwirapo ntchito: mipata ya kumayambiriro kwa mzere ili ndi tanthauzo. Ndi imene imasonyeza kuti mzere uwu uli m'kati mwa uja. Chizolowezi n'choti mipata ikhale inayi. Ukasakaniza mipata ndi batani la Tab, m'maso mwako mizere ioneka yofanana, koma Python idzakana. Pali tinthu tinanso tobisika chimodzimodzi. Ukalemba pulogalamu mu Microsoft Word, zizindikiro zotsekera mawu zimasinthidwa n'kukhala zopindika, ndipo Python sizizindikira. Ukatumiza pulogalamu kwa mnzako pa WhatsApp, nyenyezi ndi timizere tapansi zimatha kumezedwa chifukwa WhatsApp imaziona ngati malangizo okometsera zilembo. Mnzakoyo amayamba kufufuza vuto lomwe pakompyuta yako palibe.

Palinso msampha wa mabuku akale, ndipo kuno kwathu, komwe buku limodzi limajambulidwa pa fotokope n'kuyenda m'manja mwa anthu zaka ndi zaka, msamphawu ndi weniweni. Python 3 inatuluka mu Disembala 2008 ndipo inasintha malamulo angapo. Python 2 inasiya kusamalidwa pa 1 Januwale 2020. Buku la nthawi ya Python 2 lidzakuuza kulemba print "Moni", koma Python ya lero imafuna print("Moni"). Mu Python 2, kugawa 3 ndi 2 kunkapereka 1, pomwe lero kumapereka 1.5. Wophunzira wokopera bwinobwino zomwe zili m'buku amaona zikukana, n'kuyamba kudzikayikira, pomwe cholakwa ndi chaka chomwe bukulo linasindikizidwa.

Osamalira Python anafika pozindikira kuti mauthenga awo ankaopseza anthu. Kuyambira pa Python 3.10, yomwe inatuluka mu Okutobala 2021, ukalakwitsa kalembedwe ka dzina uthenga umatha kukufunsa ngati umatanthauza dzina lina lofanana nalo. Python 3.11 ya mu 2022 inawonjezera tizizindikiro tolozera malo enieni pamzere pomwe pavuta. Pablo Galindo Salgado, yemwe anayang'anira kutulutsidwa kwa mitundu iwiriyi, ndi mmodzi mwa omwe analimbikira ntchitoyo. Choncho amene akuphunzirira pa Python yakale akudzimana mphunzitsi waulere.

Thandizo lina lili m'kati mwa Python momwemo, ndipo silidya bandulo. Ukalemba help(print) imakufotokozera momwe lamulolo limagwirira ntchito. Ukalemba dir("moni") imakuonetsa zonse zomwe ungachite ndi mawu. Buku lonse la malangizo a Python limathekanso kulikopa kamodzi n'kumaliwerenga popanda intaneti. Kwa munthu yemwe netiweki imamuthawa dzuwa likalowa, zimenezi si zazing'ono.

Koma imafika nthawi yofunsa munthu, ndipo apa ndi pomwe luso lenileni limaonekera. Funso lofala kwambiri ndi loti, "Akulu, sizikutheka, ndithandizeni," pamodzi ndi chithunzi cha sikirini chojambulidwa ndi foni mopendekeka, kuwala kwa windo kutaphimba theka la zilembo. Zili ngati kufika kuchipatala n'kungoti "ndikudwala" osanena pomwe pakupweteka. Wofunsidwayo, ngakhale akhale wamtima wabwino chotani, ayenera kufunsa mafunso asanu asanayambe n'kuganiza komwe. Funso lothandizika limanena chomwe umafuna kuti chichitike, chomwe chachitika m'malo mwake, uthenga wonse wa vuto wokopedwa ngati mawu, mtundu wa Python womwe uli nawo, ndi zomwe wayesa kale. Kuposa apo, limabwera ndi kapulogalamu kochepetsedwa: wachotsa zonse zosakhudzana ndi vutolo mpaka patsala mizere isanu kapena khumi yomwe ikugwabe.

Chodabwitsa n'chakuti pokonza funso motere, nthawi zambiri yankho limatulukira lokha. Andrew Hunt ndi David Thomas, m'buku lawo la mu 1999 lotchedwa The Pragmatic Programmer, anasimba za katswiri wina yemwe ankayenda ndi kabakha ka mphira n'kumakafotokozera pulogalamu yake mzere ndi mzere. Kabakha sikayankha, inde, koma pakamwa sipalumpha zomwe maso amalumpha. Ukafika ponena mokweza kuti "apa ndikuphatikiza manambala awiri," umaima n'kudzifunsa ngati ndi manambaladi.

Kuyambira pomwe ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022, ophunzira ali ndi womufunsa yemwe satopa, sanyoza, ndipo sagona. Kwa munthu wamanyazi, yemwe amaopa kukweza dzanja m'kalasi, ichi n'chinthu chachikulu, ndipo sindikuona chifukwa chochinyozera. Ngozi yake ili pa mtundu wa pempho. Ukapempha kuti akufotokozere tanthauzo la uthenga wa vuto, waphunzira kanthu. Ukapempha kuti akulembere pulogalamu yonse, wapeza chinthu chomwe sungathe kuchikonza chikadzathyoka, komanso sungadziwe ngati chili ndi bodza, pakuti makinawa nthawi zina amapeka malamulo omwe kulibe n'kuwapereka molimba mtima. Mnzako wanzeru yemwe amangolanda kiyibodi n'kukonza yekha amakuvulaza chimodzimodzi. Wothandiza wabwino manja amawaika kumbuyo, n'kufunsa kuti, "Mzere wotsiriza ukuti chiyani?"

Pali nthawi zinanso pomwe wophunzira sanalakwe kalikonse, ndipo amafunika munthu womuuza zimenezo. Lemba 0.1 + 0.2 mu Python, uona 0.30000000000000004. Kompyuta siinaonongeke. Imasunga manambala pogwiritsa ntchito 0 ndi 1 basi, ndipo m'kawerengedwe kameneko 0.1 sathera pamalo amodzi, monga momwe 1 wogawidwa ndi 3 sathera m'kawerengedwe kathu. Ziyankhulo zina za kompyuta monga JavaScript ndi Java zimapereka yankho lomwelo. Kakusiyanako n'kochepa zedi, koma m'pulogalamu ya sitolo kapena ya banki mkhonde kangachititse kuti manambala awiri oyenera kufanana aoneke ngati osiyana. N'chifukwa chake olemba mapulogalamu a ndalama amagwiritsa ntchito gawo la Python lotchedwa decimal, kapena amawerengera zonse m'matambala ngati manambala athunthu, n'kudzasandutsa makwacha pokhapokha posindikiza lisiti.