Kasinthidwe ka Getsi la Nkhungu la Kutsogolo kwa Galimoto

M'miyezi ya June ndi July, nkhungu imakuta misewu yodutsa m'malo okwera, monga msewu wa M1 ku Dedza ndi ku Chikangawa, komanso misewu ya ku Thyolo ndi Mulanje kukagwa chiperoni. Alimi ndi amalonda amene amalawirira mbandakucha ndi mbatata, kabichi kapena tomato akukumbutsidwa kuti aonetsetse kuti magetsi a nkhungu a galimoto zawo akuyaka nyengoyi isanafike.

Magetsi a nkhungu amakhala m'munsi, pa bampala, ndipo kuwala kwake kumayala pansi kotero kuti woyendetsa amaona mizere ndi m'mphepete mwa msewu. Magetsi aakulu akawalitsidwa kwambiri m'nkhungu, kuwala kumagunda timadontho ta madzi n'kubwerera m'maso mwa woyendetsa.

Getsi likasiya kuyaka, mwini galimoto asathamangire kugula babu. Magetsi onse awiri akazima nthawi imodzi, kawirikawiri vuto limakhala fyuzi, swichi kapena mawaya. Likazima limodzi lokha, nthawi zambiri babu ndiye wapsa.

Babu watsopano afanane ndi wakale. Nambala yake, monga H3, H8, H11 kapena HB4, imalembedwa pa tsinde la babuyo ndi m'buku la galimoto. Galimoto zing'onozing'ono zimagwiritsa ntchito mavoti 12 pamene malole ambiri amagwiritsa ntchito mavoti 24. Babu wa mawati oposa amene anaikidwa ndi opanga galimoto angathe kusungunula pulasitiki ndi kuwotcha mawaya.

Posintha, galimoto iime pamalo osatsetsereka, injini ndi magetsi zizimitsidwe, ndipo getsi liyambe lazizira. Pa galimoto zambiri babu amafikirika kuseri kwa bampala: chiwongolero chikhotetsedwe kuti tayala lipereke mpata, kenako pulasitiki yotchinga matope imasulidwe. Pulagi ya mawaya izulidwe, ndipo babu wa mtundu wa H8, H11 kapena HB4 apotozedwe cha kumanzere kuti atuluke. Wa H3 amagwidwa ndi kawaya kopanira. Galasi la babu watsopano lisakhudzidwe ndi zala, chifukwa mafuta a pakhungu amachititsa kuti litenthe mosafanana, babuyo n'kupsa msanga. Ngati galasi la getsi lasweka ndipo madzi akulowa, getsi lonse lisinthidwe.

Pomaliza, galimoto iyang'anizane ndi khoma madzulo, magetsi ayatsidwe. Kuwala kugwe pakhoma m'munsi pang'ono mwa msinkhu wa getsilo, ndipo mbali zonse ziwiri zifanane. Getsi loloza m'mwamba silithandiza m'nkhungu, ndiponso limathobwa m'maso oyendetsa ochokera kutsogolo. Amene alibe zipangizo apite kwa makaniko wodziwa za magetsi a galimoto.

Magetsi amenewa sachotsa nkhungu. Woyendetsa achepetse liwiro, asiye mpata wokwanira pakati pa galimoto yake ndi ya patsogolo, ndipo awazimitse nkhungu ikangoyera.