ULENDO WA KU DÜSSELDORF: ZIMENE WOGULITSA INKI NDI MAPEPALA AMAKAFUNA

Tikagwira buku timaganiza za wolemba, mwinanso za wosindikiza. Koma alipo wina amene sitimutchula kaŵirikaŵiri, ndiye wamalonda amene amagulitsa inki, mapepala, mapuleti ndi zitsulo za makina kwa osindikizawo. Iyeyu akasoŵa katundu makina amaima, antchito salandira malipiro, ndipo ana amaloŵa m'kalasi opanda mabuku. Pa chifukwa chimenechi ena mwa amalonda otere amasunga ndalama zaka zingapo kuti akafike ku drupa, chionetsero chachikulu cha ntchito yosindikiza, chimene chimachitikira mumzinda wa Düsseldorf, m'mbali mwa mtsinje wa Rhine ku Germany.

Chionetserochi chinayamba m'chaka cha 1951, ndipo dzina lake linachokera ku mau aŵiri a Chijeremani, Druck ndi Papier, ndiko kuti kusindikiza ndi pepala. Cha 2020 chinalephereka chifukwa cha mliri wa Covid-19, kotero kuti amene anasonkhana mu 2016 anadikira zaka 8. Cha 2024 chinatenga masiku 11, kuyambira pa 28 May kufikira pa 7 June. Kunafika alendo pafupifupi 170,000 ndi makampani oposa 1,600.

Ulendo wake ndi wodula. Wochokera kuno ku Malaŵi ayenera kukhala ndi pasipoti, viza ya Schengen ndi ndalama za euro, ndipo amasintha ndege ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Pa masiku a chionetsero mahotela a mumzindawo amadzaza ndi kukweza mitengo. Alendo ena amakagona ku Essen kapena ku Duisburg namakwera sitima ya pamtunda m'maŵa uliwonse.

Chiyeso chenicheni chili m'nyumba zoonetseramo. M'menemo makampani monga Heidelberg ndi Koenig & Bauer amayendetsa makina otulutsa mapepala oposa 15,000 pa ola limodzi, ndipo mtima wa mlendo umathamangira kugula. Apa m'pamene tiyenera kukumbukira mau a makolo athu akuti walira mvula walira matope. Makina ali onse amabwera ndi zofuna zake.

Tsono wamalonda wanzeru amayenda ndi mafunso. Chitsulo chikathyoka, china chidzachokera kuti, ndipo chidzafika patapita masiku angati? Mmisiri wodziŵa makinawo ali m'dziko liti? Kodi makinawo amalola inki ya kampani ina? Funso ili n'lalikulu, pakuti makina ambiri oyendera kompyuta amalandira inki ya kampani yomwe inaŵapanga yokha, ndipo wogula amamangika kwa iyo zaka zonse. Nanga magetsi akazima ntchito ili pakati, chimaonongeka n'chiyani? Afunsenso za mapepala, chifukwa m'nyengo ya dzinja amayamwa chinyezi napindika, ndipo pepala lopindika limakodwa m'makina.

Pomaliza aŵerengere njira. Dziko lathu lilibe doko la panyanja yamchere. Katundu wolemera amatsikira ku Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban, nadzafika kuno pa malole kapena pa sitima. Mtengo umene anamva ku Düsseldorf aonjezerepo wa ulendo, msonkho wa pachipata ndi kugwa kwa kwacha pa miyezi yodikira.

Chotero, aŵerengi okondedwa, mbale wathu akabwera kuchokera ku ulendo wotere alibe makina atsopano, tisafulumire kunena kuti anataya ndalama. Ngati wabwera ndi pangano la wopanga inki wokhulupirika, zitsanzo za mapepala opirira chinyezi, ndi dzina la mmisiri amene adzayankha makina akafa, wapindula ndithu. Chionetsero china chidzachitika mu 2028. Amene akulingalira zopita ayambe tsopano kufunsa osindikiza amene amagula kwa iye zimene zimaŵavuta, nazilembe.